Chiku Atsika Kumsana

Yande anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Kamushanga, m'tauni ya Kabwe. Ankakhala ndi Amama, Atate ndi kamlongo kake Chikumbutso. Dzinalo linali lalitali. Mwini wake anali wamfupi. Ndiye onse ankangoti Chiku.

Yande ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuona Chiku akuyenda.

Chiku anali atakwanitsa chaka kalekale. Mano anali nawo. Mawu anali nawo, aakulu ndithu. Phala ankadya mpaka kunyambita sipuni. Koma kuyenda, ayi. Kuimirira, ayi. Ngakhale kukwawa kwenikweniko ankachita nako ulesi.

Nanga akanakwawa nthawi yanji? Chiku sankaponda pansi. M'mawa anali kumsana kwa Amama. Madzulo anali paphewa la Atate. Masana onse anali kumsana kwa Yande. Akangoti "ee", Yande wafika kale. Akangoti "aa", Yande wamunyamula kale. Bwana Chiku ankayendera miyendo ya anthu ena.

Lamlungu lina, anthu akutuluka Misa, mayi wina anaima pafupi ndi Amama.

"Amake Yande, mwanayu sanayambebe kuyenda?" anafunsa mayiyo. "Wanga uja anayenda chaka chisanathe."

Amama anangomwetulira. Koma Yande anamva zonse.

M'mawa mwake anapita ndi Chiku ku kiliniki. Anesi anagwira miyendo yake. Anaipinda. Anaiwongola. Anamugirigisha kuphazi, Chiku n'kuseka.

"Miyendo ili bwino," anatero Anesi. "Ana ena amachedwa. Mubwerenso mwezi wamawa. Akadzakhala asanayambe kuima, tidzamutumiza kwa adokotala."

Panjira Yande anakoka chitenge cha Amama.

"Amama, kodi Chiku adzayenda?"

"Adzayenda, mwanangu."

Koma ponena zimenezo Amama anayang'ana kumbali. Yande anachita mantha. Anachita mantha kwambiri. Tsiku limenelo anamubereka Chiku mpaka msana kuwawa.

Pasanapite nthawi, Amama anapeza ntchito. Inali ntchito yosoka zovala ku Ngungu. Mu shopu munali singano. Munali masizasi. Sanali malo a mwana.

"Chiku azikhala kwa Anti Felistus," anatero Amama. "Amasamalira ana aang'ono. Nyumba yawo ili ku Ngungu konko, pafupi ndi sukulu yako. Ukaweruka, uzipita komweko. Ine ndizikutengani madzulo."

Tsiku loyamba Yande anaweruka masana. Anathamanga. Anapeza geti lobiriwira. Anagogoda. Anti Felistus anatsegula. Anali mayi wamtali. Kumsana kwawo kunali mwana. M'manja mwawo munali kapu.

"Ndiwe Yande? Lowa, mwaiche. Vula nsapato." Mwana aliyense ankamutchula kuti mwaiche.

Yande analowa. Anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

Chilichonse m'nyumbamo chinali chaching'ono. Timipando tating'ono. Timakapu tating'ono. Tinsapato tating'ono tili ndandanda kukhoma. Yande anadziona ngati chimphona.

Ndipo ana! Yande anali asanaonepo ana ochuluka chonchi pamalo amodzi. Wina ankagwedeza botolo la timiyala. Wina ankaika zivindikiro m'mbale. Akatha ankazikhuthula, n'kuyambanso. Wina ankalankhula ndi phazi lake. Kukhoma kunali nsungwi yaitali, yomangidwa m'munsi. Ana awiri ankaigwira, n'kumayenda cham'mbali.

Kenako Yande anaona Chiku.

Chiku anali pansi. Anali pamkeka. Palibe amene anamunyamula. Atangoona Yande, anakweza manja. Anatsegula kukamwa.

"Aaa."

Yande anataya chikwama. Anamunyamula msangamsanga. Anamupukuta fumbi limene panalibe.

"Muike pansi, Yande," anatero Anti Felistus mofatsa.

"Akulira, Anti."

"Sakulira. Akukuitana. Khala naye pansi."

Yande sanafune. Anamukumbatira zolimba. Mumtima anati, Anti awa ndi ouma mtima.

Madzulo m'minibasi, Yande anawanong'oneza Amama.

"Amama, Anti Felistus amamusiya Chiku pansi."

"Amadya?"

"Amadya."

"Amamusintha thewera?"

"Amamusintha."

"Ndiye tione kaye," anatero Amama.

Tsiku lachiwiri Yande anachita mochenjera. Anadikira Anti alowe kukhitchini. Anatola Chiku. Anamubereka ndi juzi la sukulu. Anakabisala naye kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala. Koma Yande ameneyu! Ankaganiza kuti Anti sadziwa ana awo.

Posakhalitsa Anti Felistus anatulukira. Sanakalipe. Anakhala pamwala pafupi ndi Yande.

"Umamukonda kwambiri," anatero.

"Inde, Anti."

"Ukufuna ayende?"

Misozi inalengeza m'maso mwa Yande. "Ndikufuna. Anesi anati akapanda kuima apita kwa adokotala."

"Nanga tandiuza. Ali kumsana kwakoko, ndani akuyenda?"

Yande anayang'ana mapazi ake. Anali mbuu ndi fumbi. Anasuzumira mapazi a Chiku. Anali lendelende, oyera bwino.

"Ine," anayankha motsitsa mawu.

"Kumsana n'kwabwino," anatero Anti. "Ine ndimabereka ana tsiku lonse. Koma kumsana kuli nthawi yake. Pansi palinso nthawi yake. Tiye ndikuonetse."

Analowa m'nyumba. Anti anaika Chiku pamkeka.

"Tsopano iwe gona chafufumimba. Ika chibwano pamkeka. Ona zimene Chiku amaona."

Yande anagona. Poyamba ankachita manyazi. Kenako anayamba kuona.

Anaona kuwala kwa dzuwa kukulowa pansi pa chitseko. M'kuwalamo tifumbi tinkavina. Anaona nyerere itanyamula kanyenyeswa ka chitumbuwa. Kanali kakakulu kuposa mwini wake. Anaona chivindikiro chofiira chikugubuduka chokha. Anaona miyendo ya tebulo, yaitali ngati mitengo. Anaona zala za ana zikugwira mkeka, zikutambasuka, zikufinya.

Yande anaiwala kuphethira.

"Anti," ananong'ona, "pansi pano pali zinthu zambiri."

"Zilipo. Chiku akufuna kuzigwira zonse."

Ndipo zoona. Chiku ankayang'ana chivindikiro chofiira chija. Anatambasula dzanja. Sanachifike. Anatambasulanso. Sanachifike. Anayang'ana Yande.

"Aaa."

Dzanja la Yande linanyamuka lokha.

"Dikira," anatero Anti.

"Likunyamuka lokha, Anti."

Anti Felistus anaseka. "Ndiye ulikhalire."

Yande anakhala tsonga. Anaika manja onse awiri pansi pa ntchafu. Anawakhalira.

Chiku anadabwa. Anayang'ana Yande. Anayang'ana chivindikiro. Anafufuma masaya. Kenako anaponya bondo kutsogolo. Anaponya linalo. Anakwawa. Anakwawa. Anachigwira.

Anachikweza m'mwamba kuti onse aone. Dovu linali chuchuchu.

Yande anamuyang'ana Chiku ngati akumuona koyamba.

Kuyambira tsiku limenelo, Yande ankakhalira manja. Inali ntchito yovuta. Inali yovuta kuposa masamu. Manja ankayabwa. Manja ankachita dzanzi. Koma ankawakhalirabe.

Anti Felistus anamuphunzitsa kumvetsera.

"Tamva uyo. Akulira chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Ndi njala imeneyo. Nanga uyu akutikita m'maso?"

"Tulo?"

"Wakhoza. Mwana salira kulira kumodzi."

Yande ankadabwa. Iye ankayesa kulira konse n'kofanana. Tsopano makutu ake anatseguka. Uku njala. Uku tulo. Uku mkwiyo chabe.

Tsiku lina Chiku anagunda chipumi pamwendo wa tebulo. Analira kulira kwina, kwakuthwa. Yande anayang'ana Anti.

"Uko ndiye kulira kwa ululu," anatero Anti. "Munyamule msanga."

Yande anamunyamula. Anamuuzira pachipumi. Anamubereka mpaka anagona. Atadzuka, Chiku anayamba kutakataka kumsana. Ankaloza pansi. Ankafuna kutsika.

Yande anamutsitsa.

Masiku anapita. Chiku anakwawa mpaka kukhoma. Anagwira nsungwi ija. Anadzikoka. Anagwa chamatako, phi. Anadzikokanso. Anagwanso, phi. Yande ankaluma mlomo. Manja anali pansi pa ntchafu.

Kenako tsiku lina sanagwe. Anaima atagwira nsungwi. Miyendo inali njenjenje. Koma anaima.

"Anti, taonani."

"Ndikuona, mwaiche. Usamudzidzimutse."

Mawondo a Chiku anada bii. Zovala zinkabwera kunyumba zili fumbi lokhalokha. Amama ankachapa akupukusa mutu. Atate ankati, "Mnyamata ameneyu wayamba ntchito ya mugodi, ngati agogo ake."

Pabwalo la Anti Felistus panali zigubu zachikasu. Zinali zigubu zakale zotungira madzi. Anti anathiramo mchenga pang'ono. Ana ankazigwira pamwamba n'kumazikankha. Chigubu chikapita, mwana amatsatira.

Chiku anasankha chigubu chake. Ankachikankha uku akulira ngati galimoto. Ankachikankha mpaka pageti. Ankachikankha mpaka pamtengo. Koma kuchisiya, ayi. Akachisiya, ankakhala pansi nthawi yomweyo.

Mwezi unatsala pang'ono kutha. Yande ankaganiza za Anesi. Ankaganiza za adokotala. Mantha aja anali asanathe.

Linafika Lachisanu. Dzuwa linali litapendeka. Ana anali pabwalo. Yande anakhala pansi, chapatali pang'ono. Chiku ankakankha chigubu chake.

Kwa Anti kunali kamtsikana kena, dzina lake Blessed. Kanali kakafupi, konenepa, kopanda mantha. Kankayenda kale. Kankakonda zinthu za eni ake. Blessed anafika. Anagwira chigubu cha Chiku. Anachikoka, n'kumapita nacho osacheuka.

Chiku anatsala yekha pakati pa bwalo.

Panalibe nsungwi. Panalibe chigubu. Panalibe khoma. Manja ake anali m'malere.

Koma sanakhale pansi.

Anaima. Anaima yekha.

Anti Felistus anali akupinda matewera. Anasiya. Anaika chala pamlomo. Pabwalo panangoti zii.

Chiku anayang'ana Yande. Mlomo wake unayamba kunjenjemera. Anakweza manja.

"Aaa."

Yande anamvetsera bwino. Sinali njala. Silinali tulo. Sunali ululu. Chiku ankangomuitana.

Manja a Yande anafuna kuthawa. Anawakhalira zolimba.

"Bwera, Chiku," anatero motsitsa mawu. "Ndili pano. Bwera."

Chiku anayang'ana mapazi ake. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako phazi limodzi linanyamuka. Linakhala m'malere pang'ono. Linatera kutsogolo.

Yande anasiya kupuma.

Linalo linanyamuka. Linatera. Chiku anapendekera uku. Anapendekera uko. Anatambasula manja ngati nkhuku ikudumpha ngalande. Phazi linanyamukanso. Linateranso.

Ankabwera. Chiku ankabwera ndi miyendo yake.

Anafika. Anagwera pachifuwa cha Yande. Apo ndiye manja anamasuka. Yande anamukumbatira. Ankaseka. Ankalira. Sankadziwa kuti achite chiti.

"Anti, wayenda. Mwamuona? Wayenda."

"Ndamuona," anatero Anti Felistus. Iwonso ankapukuta m'maso ndi thewera loyera. "Ndaona ana ambiri akuyamba kuyenda. Koma sindizolowera."

Chiku anatakataka. Anafuna kuimanso. Anaima. Anayenda mpaka kwa Anti. Anagwa, phi. Anaseka. Anadzuka. Anabwerera kwa Yande.

"Ndikawauze Amama ku shopu," anatero Yande, akudzuka.

"Ayi, khala pansi," anatero Anti. "Pano tili ndi lamulo. Mwana akayenda, sitinena. Makolo amaona okha."

"Koma Anti, mawu akundiyabwa pakamwa."

"Manja unawagwira. Pakamwa ugwiranso."

Yande anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Madzulo geti linalira. Analowa Amama. Pambuyo pawo panali Atate. Tsiku limenelo anaweruka msanga ku ntchito yawo ya njanji.

"Mwaswera bwanji, Anti?" anafunsa Amama.

"Taswera bwino, bana Yande," anayankha Anti, kutanthauza amake Yande.

"Iwe Yande, wagwira pakamwa bwanji? Dzino?"

Yande anapukusa mutu.

Amama anali atatopa. Anamasula chitenge. Anachikutumula. Anawerama kuti atenge Chiku.

"Dikirani, Amama," anatero Yande. "Bwererani pageti. Chonde."

Amama anayang'ana Anti. Anti anali kalikiliki kupinda thewera lopindapinda kale. Amama anabwerera pageti, akudabwa.

Yande anaimika Chiku. Anamusiya.

Chiku anaona Amama. Anaseka. Phazi linanyamuka. Linatera. Linalo linanyamuka. Linatera.

Chitenge chinagwa m'manja mwa Amama. Anagwada pafumbi. Anangotambasula manja.

Atate anavula chipewa, ngati ali m'tchalitchi.

Chiku anadzandira. Anaima. Anayambanso. Anafika. Amama anamufungatira, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwana wanga," ankangotero. "Mwana wanga."

"Ndinakhalira manja, Amama," anatero Yande.

Amama sanamvetse. Koma anamukokera nayenso pachifuwa.

Anatsanzika. Anatuluka pageti. Amama anafuna kumubereka Chiku. Chiku anakana. Anawongola miyendo ngati ndodo. Ankafuna pansi. Anagwira chala chimodzi cha Yande, ulendo unayambika.

Unali ulendo wapang'onopang'ono. Chiku ankaima kuti aone mwala. Ankaima kuti aone nkhuku. Ankakhala pansi. Ankadzukanso.

Kumsewu kunaima minibasi. Inali itatsala pang'ono kudzaza. Kondakita anamenya chitseko.

"Kamushanga, Kamushanga. Ba mayo, nyamulani mwana tiyende."

Amama anawerama. Koma Yande anayang'ana kondakita m'maso.

"Akuyenda yekha," anatero. "Wayamba lero."

Kondakita anatsegula pakamwa. Anayang'ana Chiku. Dzanja lake linatsika pachitseko.

"Lero?"

"Lero lomwe."

Kondakita anasuzumira kutsogolo. "Ba dalaivala, imani kaye. Pali mdala akubwera."

Inu, minibasi sidikira munthu. Aliyense ku Kabwe amadziwa zimenezo. Koma tsiku limenelo dalaivala anazimitsa injini.

Nkhope zinadzaza m'mawindo. Mayi wa dengu la tomato anasuzumira. Mnyamata wina anachotsa foni kukhutu. Palibe amene anadandaula. Onse ankayang'ana timapazi tiwiri tafumbi.

Chiku anasiya chala cha Yande. Anayenda yekha. Anadzandira, anthu onse n'kuti "eee" chamumtima. Anawongoka. Anayendanso. Anafika pachitseko. Anachimenya ndi kadzanja kake, pha.

M'minibasi monse munalira m'manja.

Atate anamunyamula n'kumulowetsa. Anakhala onse pampando wakumbuyo. Amama uku. Atate uko. Yande pakati, Chiku pamiyendo yake.

Minibasi isanakhote n'komwe, Chiku anali atagona. Yande anagwira kaphazi kake kamodzi. Kanali kofunda. Kanali kakuda ndi fumbi la ku Ngungu.

"Amama," ananong'ona Yande, "Lolemba tipite ku kiliniki."

"Ukufuna tikatani?"

"Akalowe yekha pakhomo. Anesi akaone okha."